Mafunso ndi mayankho: mankhwala a khansa otsekereza mitsempha ya magazi yodyetsa chotupa

Tsamba lino ndi la odwala khansa, owadwazika, ndi azaumoyo a kuno ku Mangochi amene amvapo mayina monga bevacizumab, sorafenib kapena sunitinib. Mankhwalawa si nkhambakamwa, alipo ndipo amagwira ntchito. Koma ntchito yake ndi kuchedwetsa matenda, osati kuwathetsa, ndipo banja liyenera kudziwa zimenezi lisanagulitse bwato kapena munda.

Chotupa chimafuniranji mitsempha yakeyake?

Selo iliyonse ya m'thupi imafuna okosijeni ndi chakudya, ndipo zonsezi zimabwera ndi magazi. Okosijeni akatuluka mu kamtsempha sapita patali. Amangoyenda gawo laling'ono la milimita imodzi basi. N'chifukwa chake chotupa chimene chilibe mitsempha yake sichingakule kupitirira mamilimita 1 kapena 2, kukula kwa kambewu ka mpiru. Maselo a pakati pake amabanika.

Akabanika amatulutsa puloteni yotchedwa VEGF. Puloteniyi imakafika pa mitsempha yoyandikana nayo n'kuiuza kuti iphuke nthambi zolowera ku chotupacho. Zili ngati munthu wolima mpunga amene wapatula kangalande kuchokera ku mtsinje kulowetsa m'munda mwake: madzi akangolowa, mbewu imakula. Mitsempha yatsopanoyo ikafika, chotupa chimakula msanga, ndipo maselo ake amapeza njira yolowera m'magazi n'kukamera ku chiwindi, ku mapapo kapena ku mafupa.

Thupi labwinobwino limapanganso mitsempha yatsopano: bala likamapola, mwana akamakula m'mimba, chiberekero chikamadzikonza mwezi ndi mwezi. Mugwire mfundo imeneyi, chifukwa mavuto ambiri a mankhwalawa akuchokera pomwepa.

Nzeru imeneyi inayamba ndi ndani?

Mu 1971 dokotala wa opaleshoni ya ana wa ku Boston, Judah Folkman, analemba kuti chotupa chikamanidwa mitsempha yatsopano chingaleke kukula. Ambiri sanamukhulupirire. Mu 1989 Napoleone Ferrara, akugwira ntchito ku kampani ya Genentech, anapatula VEGF n'kuidziwa bwino, ndipo mu 2004 bungwe la FDA la ku America linavomereza bevacizumab, wogulitsidwa ndi dzina loti Avastin, kuti athandize pa khansa ya m'matumbo aakulu yomwe yafalikira. Panadutsa zaka 33 kuchokera pa ganizo kufika pa botolo.

Mankhwala ake ndi ati?

Ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la m'diripi. Bevacizumab amagwira VEGF m'magazi momwemo isanafike pa mtsempha. Ramucirumab, amene amagwiritsidwa ntchito makamaka pa khansa ya chifu, amakatseka pa mtsempha pamene VEGF imakakhala.

Gulu lachiwiri ndi mapiritsi: sorafenib, sunitinib, pazopanib, axitinib, lenvatinib, cabozantinib, regorafenib. Awa amalowa m'kati mwa selo ya mtsempha n'kudula uthenga wa VEGF usanapite patsogolo. Samangodula uthenga umodzi wokhawo ayi, amadulanso ena, n'chifukwa chake mavuto awo ndi ochuluka ndiponso osiyanasiyana kuposa a diripi.

Pali njira ina imene anthu amaisokoneza ndi imeneyi. Pa khansa ya chiwindi, akatswiri amatha kulowetsa kachubu mu mtsempha wa m'mphechepeche mpaka kufika pa mtsempha wodyetsa chotupa, n'kuthiramo mankhwala ndi timibulu totseka. Imeneyo ndi TACE. Imatseka mtsempha umene ulipo kale, pamene mankhwala tikukambawa amaletsa yatsopano kuphuka.

Ndiye kuti chotupa chimafa ndi njala n'kutheratu?

Ayi. Chiyembekezo chinali chimenecho, koma zotsatira zake n'zocheperapo, ndipo manambala ake ndi awa.

Pa kafukufuku amene anachititsa kuti bevacizumab avomerezedwe mu 2004, theka la odwala amene analandira kemo (mankhwala opha maselo a khansa) yekha anapitirira miyezi 15.6 ali moyo. Mwa amene anawonjezeredwa bevacizumab, theka anapitirira miyezi 20.3. Pa khansa ya chiwindi, sorafenib mu 2008 anakweza nambala imeneyi kuchoka pa miyezi 7.9 kufika pa 10.7. Pa khansa ya khomo la chiberekero yobwereranso kapena yofalikira, kafukufuku wa GOG 240, wa amayi 452, anapeza miyezi pafupifupi 17 m'malo mwa 13.3.

Manambalawa ndi a pakati. Wina amapindula zoposa pamenepa, wina sapindula n'komwe, ndipo pa bevacizumab palibe kuyeza magazi kumene kungauziretu dokotala kuti uyu apindula, uyu ayi. Miyezi 3 kapena 4 si yaing'ono kwa mayi amene akufuna kuona mwana wake akulemba mayeso. Komabe ndi miyezi, si zaka.

Chodabwitsa china n'chakuti mankhwalawa amathandiza kwambiri akaphatikizidwa ndi kemo. Munthu angaganize kuti njira za magazi zikatsekeka kemo sangafikenso ku chotupa. Rakesh Jain wa ku Harvard anafotokoza mu 2001 kuti mitsempha ya chotupa ndi yokhotakhota ndi yodontha, moti madzi amadzaza m'chotupamo n'kukankha mankhwala kuti asalowe. VEGF ikachepa, mitsempha yosafunika imafota, yotsalayo imawongoka kwa kanthawi, ndipo kemo amalowa bwino.

Pamene chotupa cha m'matumbo chachotsedwa chonse ndi opaleshoni, kupereka bevacizumab kuti chisabwererenso kunayesedwa pa odwala masauzande, ndipo sikunathandize. Malo a mankhwalawa ndi pa khansa imene yafika poti singadulidwe.

Nanga pa khansa zimene timaziona kwambiri kuno?

Khomo la chiberekero. Iyi ndiyo ikupha amayi ambiri m'Malawi. Chiwerengero cha GLOBOCAN cha 2020, cha nthambi ya WHO yoona za khansa, chinaonetsa amayi 4,145 opezeka nayo ndi 2,905 omwalira nayo m'chaka chimodzi. Bevacizumab amabwera pokhapokha khansayi ikafalikira, ikakanika, kapena ikabwereranso, ndipo amaperekedwa pamodzi ndi kemo wa paclitaxel ndi cisplatin kapena carboplatin. Vuto lake lalikulu ndi fisitula, chiboo cholumikiza njira ya abambo ndi chikhodzodzo kapena matumbo, moti mkodzo kapena chimbudzi zimangodontha. Pa GOG 240, amayi 15 pa 100 alionse olandira bevacizumab anapezeka ndi fisitula, pamene kwa olandira kemo yekha anali mmodzi pa 100. Onse a gulu la bevacizumab amene anachita fisitulawo anali atawotchedwapo ndi makina a radiotherapy m'chiuno. Mayi amene anawotchedwapo ayenera kumva nambala imeneyi kuchokera pakamwa pa dokotala asanavomere.

Chiwindi. Nthawi zambiri imayamba ndi hepatitis B, chuku cha mtedza ndi chimanga chosungidwa ponyowa, kapena mowa. Kuyambira 2020, atezolizumab (mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi) wophatikiza ndi bevacizumab anaposa sorafenib, miyezi 19.2 kwa 13.4. Koma kafukufuku yenseyu anachitika pa anthu amene chiwindi chawo chinali chikugwirabe ntchito. Munthu amene wafika maso ali achikasu, mimba itadzaza madzi, miyendo itatupa, mankhwalawa amangomuwonjezera ululu. Palinso china chokhudza ife a kunyanja. Chiwindi cholimba, kaya ndi hepatitis kaya likodzo la m'matumbo, chimatupitsa mitsempha ya kummero. Mitsempha yotereyi ikaphulika munthu amasanza magazi odzaza beseni. Choncho asanayambe bevacizumab ayenera kuunikidwa kummero ndi kachubu ka kamera, ndipo mitsempha yotupayo imangidwe kaye.

Impso. Apa ndi pamene mapiritsiwa amaonetsa mphamvu, chifukwa mtundu wofala wa khansa ya impso umakhala ndi jini (kalangizo ka chibadwa ka m'kati mwa selo) ya VHL yowonongeka, ndipo selo imangotulutsa VEGF ngati ikubanika ngakhale okosijeni alipo. Sunitinib anachedwetsa kukula kwa chotupa miyezi 11, pamene interferon, mankhwala akale, ankachedwetsa miyezi 5. Masiku ano amakonda kuphatikiza axitinib, lenvatinib kapena cabozantinib ndi mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi.

Bere, prostate, chikhodzodzo. Anayesa, moyo sunatalike. Pa khansa ya m'mawere, FDA inachita kulanda chilolezo cha bevacizumab mu 2011. Khansa ya kummero imene ili yofala m'Malawi nayonso sichizidwa ndi bevacizumab. Wodwala amene akulephera kumeza amapindula kwambiri ndi kachubu kotsegula mmero. Pa khansa ya mapapo ya mtundu wa squamous, bevacizumab ndi woletsedwa, chifukwa pa kuyesa koyambirira odwala 4 mwa 13 anakha magazi oopsa m'mapapo.

Kaposi ndi chotupa cha mitsempha. Si ndiye kuti mankhwalawa ndi akeake?

Ganizolo ndi lomveka, poti Kaposi amachokeradi ku maselo a mitsempha, atalowedwa ndi kachilombo ka HHV-8. Koma kwa amene ali ndi HIV, chithandizo chake choyamba ndi ma ARV omwedwa mokhulupirika, ndipo ngati wafalikira, kemo. Kafukufuku amene anachitikiranso m'Malawi muno, wofalitsidwa mu 2020, anaonetsa kuti paclitaxel amaposa bleomycin ndi vincristine. Chaka chomwecho FDA inavomereza pomalidomide pa Kaposi, piritsi limene mwa zina limaletsa mitsempha kuphuka. Pomalidomide ndi mbale wake wa thalidomide, mankhwala amene cha m'ma 1960 anabadwitsa ana oposa 10,000 opanda manja kapena miyendo yokwanira. Saperekedwa mwachisawawa.

Diripi ya bevacizumab imayenda bwanji?

Mlingo umatengera sikelo. Pa khansa ya khomo la chiberekero ndi 15 mg pa kilogalamu iliyonse, masabata 3 alionse. Pa ya m'matumbo ndi 5 mg pa kilogalamu masabata 2 alionse, kapena 7.5 mg masabata 3 alionse, kutengera kemo amene akuyenda naye. Mabotolo ake ndi awiri: la 100 mg mu 4 ml ndi la 400 mg mu 16 ml. Mayi wolemera makilogalamu 52 akufunika 780 mg, kutanthauza mabotolo aakulu 2 ulendo uliwonse, 12 pa maulendo 6. Muwerengetsere mtengo wa 12, osati wa 2.

Tsiku la diripi, asanatsegule botolo, ayeze BP, mkodzo ndi magazi, afunsenso za kukha magazi, kupweteka kwa m'mimba ndi bala lililonse. Mankhwala amasungunulidwa mu 100 ml ya saline. Mu madzi a shuga a dextrose saloledwa. Diripi yoyamba imatenga mphindi 90, ikayenda bwino yachiwiri 60, zotsatira 30.

Botolo limasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, m'katoni mwake, osaliumitsa ngati ayezi, osalikhutchumula. Apa ndi pamene mabanja ogula okha amatayira ndalama. Botolo limene layenda m'chikwama pa minibasi mu October kuchokera ku Blantyre, kapena lagona mufiriji yozima usiku wonse, limaonekabe labwinobwino koma palibe angatsimikize mphamvu yake. Ngati n'kotheka, botolo lichoke ku famase kupita molunjika ku wodi yopereka diripi, mu kabokosi kozizira, osafika nalo kunyumba.

Nanga mapiritsi amamwedwa bwanji?

Lililonse lili ndi lamulo lake, ndipo sasinthanitsidwa. Sorafenib ndi 400 mg kawiri pa tsiku, ola limodzi musanadye kapena maola 2 mutadya, chifukwa chakudya cha mafuta chimachepetsa kulowa kwake m'thupi. Pazopanib ndi 800 mg kamodzi, nayenso m'mimba mopanda kanthu, koma chifukwa chake n'chosiyana: chakudya chimamulowetsa wochuluka mopitirira muyeso. Sunitinib pa impso ndi 50 mg tsiku lililonse kwa masabata 4, kenako kupumula masabata 2. Lenvatinib pa chiwindi ndi 12 mg kwa wolemera makilogalamu 60 kapena kuposa, 8 mg kwa wosafika pamenepo, ndipo odwala ambiri a khansa ya chiwindi amakhala ataonda kale. Musaphwanye piritsi la pazopanib. Mukaiwala, musamwe awiri pofuna kubweza. Dokotala akachepetsa mlingo si kuti wakutayani. Ambiri amatha kupitiriza chifukwa cha kuchepetsako.

N'chifukwa chiyani akulimbikira za BP ndi mkodzo, pamene vuto ndi khansa?

VEGF imathandiza mitsempha yonse ya m'thupi kumasuka. Ikatsekedwa, mitsempha imafinyika, BP imakwera, nthawi zina m'sabata yoyamba yomweyo ya mapiritsi. Munthu samva kanthu mpaka tsiku limene wagwa ndi sitiroko. Amene BP yake ndi yokwera kale ayambe waitsitsa asanalandire mankhwalawa. Pa mapiritsi, yezani kangapo pa sabata m'mwezi woyamba. Pa diripi, masabata 2 kapena 3 alionse. Kamakina ka BP ka mabatire ndi kotchipa kwambiri poyerekeza ndi botolo limodzi la mankhwala, ndipo tikadakonda banja lililonse likadayamba lagula kameneka. Lembani manambala m'kope, mupite nalo ku chipatala. Ikapitirira 140/90 mobwerezabwereza, pakufunika mankhwala a BP monga amlodipine kapena enalapril. Ikafika 160/100, dokotala amatha kuimitsa kaye a khansa. Ikafika 180/120, kapena pakakhala mutu waukulu, kuona zachimbuuzi, kusokonezeka mutu kapena kukomoka, nyamukani nthawi yomweyo. Mchere uchepe, nsomba zofutsa ndi mchere muzizinyika kaye m'madzi n'kutaya madziwo.

Mu impso muli tisefa ting'onoting'ono timene timadalira VEGF. Tikawonongeka, puloteni imatayikira mu mkodzo, ndipo mkodzowo umachita thovu losatha msanga. Kapepala koyezera kakaonetsa 2+, amasonkhanitsa mkodzo wa maola 24. Puloteni ikafika magalamu 2, bevacizumab amaimitsidwa. Kuno kuli msampha wake: likodzo nalonso limatulutsa magazi ndi puloteni mu mkodzo. Ndi bwino kuyezetsa likodzo ndi kumwa praziquantel musanayambe, kuti mtsogolo pasakhale kusokoneza.

Ndi zizindikiro ziti zosadikira kuti kuche?

Kupweteka kwa m'mimba kwadzidzidzi, mimba itauma gwa, thupi likutentha: matumbo angakhale atabooka. Zimachitika kwa anthu ofika mpaka 3 pa 100 olandira bevacizumab, ndipo zimapha. Kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kutsokomola magazi okwana theka la supuni yaing'ono. Kufooka mbali imodzi, pakamwa kupotoka, chifuwa kuthina, mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka, kubanika mwadzidzidzi. Mkodzo kapena chimbudzi kutulukira njira ya abambo.

Kamfuno pang'ono ndi wofala, ndipo amasiya mukatsina mphuno mphindi 10 mutaweramira kutsogolo. Akapitirira, pitani.

Mukafika ku Mangochi District Hospital, ku Monkey Bay, ku Malindi kapena ku Namwera, tchulani dzina la mankhwala ndi tsiku limene munalandira komaliza. Wachipatala amene wakulandirani usikuwo mwina sakumana nawo kawirikawiri mankhwalawa, choncho zikhale zolembedwa m'buku lanu la kuchipatala ndi zilembo zazikulu.

Ndikufuna kuzulitsa dzino. Pali vuto?

Lilipo. Bala limapola ndi mitsempha yatsopano, yomwe ija mankhwala akuletsa. Bevacizumab amachedwa kutuluka m'thupi. Pamatenga masiku pafupifupi 20 kuti achepe ndi theka. Lamulo lake n'lakuti pasakhale opaleshoni yokonzekera pasanathe masiku 28 chilandirireni diripi, ndipo diripi isayambe pasanathe masiku 28 chichitireni opaleshoni, bala litapoleratu. Madokotala ambiri amadikira masabata 6 kapena kuposa pa opaleshoni yaikulu. Mapiritsi amatuluka msanga, koma nawonso amaimitsidwa kwa masiku kapena masabata, kutengera mtundu. Mano aonedwe mankhwala asanayambe, makamaka kwa amene akulandiranso zoledronic acid wa mafupa, chifukwa fupa la nsagwada limatha kufa pamalo pozula dzino.

Chimodzimodzi mphini. Kutemera pa chotupa kapena paliponse pa nthawi imeneyi kumasiya chilonda chonyeka chimene chimakana kupola.

Manja ndi mapazi akutentha ndi kusupuka. N'chiyani?

Ndi vuto la mapiritsi, makamaka sorafenib, regorafenib ndi cabozantinib, ndipo limayamba m'masabata 2 mpaka 6 oyambirira. Limagwira pamene khungu limakhuzika: chidendene, kunsi kwa zala za kumapazi, m'mphindi za zala za manja. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Poyamba munthu amangomva kuwotcha ndi kubaya, kenako khungu limakhuthala n'kuchita matuza opweteka. Msodzi wokoka khoka kapena wopalasa ndi nkhafi, wakabaza, mayi wosinja kapena woyenda pa mchenga wotentha wopanda nsapato, ndi amene limawapweteka kwambiri.

Musanayambe mapiritsi, feŵetsani khungu lokhuthala la kumapazi. Dzolani mafuta okhala ndi urea ya 10 peresenti katatu pa tsiku kuyambira tsiku loyamba, osadikira kuti zionekere. Valani nsapato zofewa ndi masokosi a thonje, pewani madzi otentha. Matuza musaboole. Zikafika poti simukutha kuyenda kapena kugwira kapu, mankhwala aimitsidwe kwa masiku angapo n'kuyambiranso ndi mlingo wochepa.

Zina zofala ndi kutsegula m'mimba, zilonda za m'kamwa, mawu kusasa ndi kufooka. Sunitinib ndi pazopanib amayeretsa tsitsi ngati imvi, ndipo khungu limatha kuyererako; sizoopsa, koma achibale auzidwiretu kuti asaganize zina. Kufooka kukakula ayezetse chithokomiro, chifukwa mapiritsiwa amachifooketsa ndipo mankhwala ake alipo. Pazopanib amavulaza chiwindi, choncho magazi a chiwindi amayezedwa pafupipafupi m'miyezi 4 yoyamba.

Ndimamwa ma ARV, wina ali pa mankhwala a TB. Zimagwirizana?

Bevacizumab salimbana ndi ma ARV. Mapiritsi ndiwo amavuta, chifukwa ambiri a iwo amagayidwa m'chiwindi ndi enzyme (puloteni yogaya mankhwala) imodzi, CYP3A4. Rifampicin wa TB amaifulumizitsa enzyme imeneyi, moti piritsi la khansa limatha mphamvu lisanagwire ntchito. Efavirenz, nevirapine, ndi mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amachitanso zomwezo. Ritonavir, amene amapezeka pamodzi ndi atazanavir kapena lopinavir, amachita zosemphana: amaichedwetsa, mankhwala amaunjikana m'magazi, mavuto n'kukula. Dolutegravir, amene ambiri m'Malawi akumwa kuyambira 2019, alibe vuto limeneli. Ma ARV musasiye. Onetsani mabotolo onse kwa dokotala wa khansa.

Malungo akakugwirani, nenani kuti muli pa sunitinib, pazopanib kapena lenvatinib musanalandire LA kapena kwinini, poti onsewa amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Malungowo achizidwe ndithu, koma wachipatala adziwe. Omeprazole ndi mankhwala ena a chilungulira amalepheretsa pazopanib kulowa. Asipirini, bulufeni ndi diclofenac za pa okala zimawonjezera kukha magazi ndi kuvulaza impso. Pa ululu funsani panado kapena mofini wamadzi.

Nanga za mimba?

Mwana m'mimba amakula ndi mitsempha yatsopano, choncho mankhwala onsewa angamuvulaze. Mayi ayezedwe mimba asanayambe, agwiritse ntchito njira yolera yodalirika nthawi yonse ya chithandizo ndi miyezi 6 pambuyo pa diripi yomaliza ya bevacizumab. Kuyamwitsa n'koletsedwa nthawi yomweyo. Bevacizumab amathanso kuimitsa msambo. Abambo amene ali pa mapiritsi agwiritse ntchito kondomu.

Kodi ndingafunge mwezi wa Ramadan?

Chipembedzo chimamasula wodwala, ndipo asheikh angakufotokozereni za kubweza kapena kudyetsa osauka. Kuchipatala nkhawa yathu ndi madzi. Munthu amene akutsegula m'mimba, akumwa enalapril, impso zake zikutaya puloteni, akakhala tsiku lonse osamwa madzi m'kutentha kwa Mangochi impso zimatha kuima. Amene watsimikiza mtima kufunga akambirane ndi dokotala mwezi usanaoneke. Piritsi la kamodzi pa tsiku lingasunthidwe kupita usiku, maola 2 mutamaliza futari. La kawiri pa tsiku, lofuna maola 12 pakati komanso m'mimba mopanda kanthu, n'lovuta kulikwanitsa pakati pa futari ndi dakwi.

Poyamba ankathandiza, tsopano sikani ikuti chotupa chikukula. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri palibe amene walakwitsa. Chotupa chikatsekeredwa VEGF chimayamba kuitana mitsempha ndi mapuloteni ena, monga FGF ndi angiopoietin. Zotupa zina, makamaka za m'mapapo, m'chiwindi ndi mu ubongo, sizivutikanso kupanga mitsempha. Zimangokulira m'mbali mwa imene ilipo kale. Ndipo maselo amene apirira kubanika kwa miyezi yonseyo ndi olimba kuposa anzawo amene anafa. N'chifukwa chake sikani ya CT imabwerezedwa miyezi 2 kapena 3 iliyonse. Chotupa chimene chagwidwa ndi mankhwalawa nthawi zina sichichepa kukula koma chimafa m'kati, ndipo wowerenga sikani ayenera kuuzidwa mankhwala amene wodwala akulandira. Ngati chikukuladi, kupitiriza mankhwala omwewo ndi kutaya ndalama ndi mphamvu za wodwala.

Pa Facebook akugulitsa mankhwala azitsamba "oumitsa mitsempha ya khansa". Enanso akuti ndisiye shuga.

Zinthu zambiri zimaletsa mitsempha kuphuka m'mbale ya mu labu, koma m'thupi la munthu sizichita kanthu. Chichereŵechereŵe cha nsomba ya shaki chinagulitsidwa kwambiri m'ma 1990 ndi bodza loti shaki sidwala khansa. Imadwala, ndipo atachiyesa pa odwala khansa ya mapapo sichinatalikitse moyo wa wina aliyense. Kusiya nsima ndi shuga sikumana chotupa chakudya, poti chiwindi chimapanga shuga wa m'magazi ngakhale munthu asadye. Amene amaonda ndi wodwalayo, mpaka kulephera kupirira kemo. Palinso Avastin wabodza: mu 2012 ku America komweko anapeza mabotolo opanda mankhwala m'kati. Gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndi kalata ya dokotala. Alipo ma bevacizumab a makampani ena ovomerezeka kuyambira 2017, otsikirako mtengo ndipo amagwira ntchito mofanana.

Mukamva kuti wina anabayidwa Avastin m'diso, si khansa. Kadontho ka 1.25 mg kamathandiza maso owonongeka ndi shuga kapena ukalamba, ndipo WHO inaika bevacizumab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2013 chifukwa cha ntchito ya masoyi.

Kuno ku Mangochi ndiyambire pati?

Poyambira ndi kudziwa dzina lenileni la chotupacho. Popanda kudula kanyama n'kukayeza, kupatula khansa ya chiwindi imene nthawi zina imadziwika ndi sikani ndi magazi, palibe dokotala woona amene angakulembereni mankhwalawa. Njira yake ndi kuchokera ku chipatala chaching'ono kupita ku Mangochi District Hospital, kenako ndi kalata kupita ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre. Ku Lilongwe kuli National Cancer Centre pa Kamuzu Central. Amene amagamula za mankhwalawa ndi katswiri wa khansa ku zipatala zazikuluzo. Wochokera ku Makanjira awerengetsere ulendo umenewu masabata 3 alionse, pamodzi ndi womuperekeza, nyengo ya mvula yomwe.

Kwa dokotala mukafunse momveka: cholinga ndi kuchiza kapena kuchedwetsa? Mankhwalawa akuwonjezera miyezi ingati pa kemo amene alipo kale? Ngati ndalama zathera pa ulendo wachitatu, chimene chagulidwacho chikhala ndi phindu? Sikani yotsatira alipira ndani? Kemo wopanda bevacizumab ndi chithandizo chenicheni, ndipo banja limene silinakwanitse botololo silinataye m'bale wawo. Mofini, chisamaliro cha zilonda ndi thandizo la a palliative care (osamalira odwala pochepetsa ululu) ziyambe pamodzi ndi chithandizo china, osadikira mapeto.

Kwa amayi ena a pakhomopo, kuyezetsa khomo la chiberekero ndi VIA (kupaka viniga n'kuyang'ana) kumatenga mphindi zochepa, n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo kachilonda kakapezeka kasanasanduke khansa kamawotchedwa tsiku lomwelo. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019. Pakhomo pamene papezeka khansa ya chiwindi, onse akayezetse hepatitis B.